Kufunsira ntchito ya software engineer: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata omwe angomaliza maphunziro a kompyuta, komanso kwa ena omwe agwirako kale ntchito koma akufuna kusuntha. Ndawayankha monga munthu yemwe anafunsirapo ntchito, kenako n'kudzakhalanso m'gulu la owerenga makalata a anzake.

Ndatumiza makalata ambirimbiri koma palibe wandiitana. Vuto ndi ine, kapena ntchito kulibe?

Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Ntchito zinachepadi poyerekeza ndi momwe zinalili m'nthawi ya Covid, pomwe makampani akunja ankalemba anthu mosawerenga. Mu Novembala 2022 Meta, eni ake a Facebook, inachotsa anthu oposa 11,000, ndipo mu Januwale 2023 Google inachotsa 12,000, Microsoft 10,000. Anthu onsewo anabwerera pamsika ali ndi ma CV olemera, ndipo ena mwa iwo ndi omwe mukupikisana nawo mukamafunsira ntchito zogwirira kunyumba. Kuno kwathu nako, UNIMA, MUBAS, MUST, Mzuni, NACIT ndi sukulu zina zikutulutsa ophunzira za kompyuta chaka ndi chaka, pomwe malo olemba anthu olemba mapulogalamu ndi omwe aja: mabanki, makampani a foni, mabungwe a zaumoyo, nthambi za boma ndi timakampani tochepa ta ku Lilongwe ndi Blantyre.

Koma nali vuto lomwe mungalikonze nokha. Mulu wa makalata ukafika, ambiri amafanana ngati anakopelana. Digiri yomweyo, mndandanda womwewo wa ziyankhulo ndi zida zolembera mapulogalamu monga Java, PHP, Python ndi MySQL, mawu omwewo akuti ndine wolimbikira ndipo ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga. Wowerenga alibe pogwira. Sakukanani chifukwa wakuonani kuti simutha, sanakuoneni n'komwe.

Nanga wolemba ntchito amafuna kuona chiyani kwenikweni?

Umboni. Munthu wolemba ntchito amakhala ndi mantha amodzi: kulemba munthu yemwe pakatha miyezi itatu adzapezeka kuti sangathe kumaliza kanthu payekha. Kumuchotsa n'kovuta, malipiro apita, ndipo ntchito yaima. Ndiye chilichonse chomwe mungamuonetse chochepetsa mantha amenewo chimakukwezani pamwamba pa mulu.

Akalipentala a ku Mchesi saika satifiketi m'mbali mwa msewu. Amaika mpando, wogula n'kuukhalira, n'kuugwedeza kuti aone ngati ukulimba. Inunso mufunika chinthu chomwe munapanga, chomwe chikugwira ntchito m'manja mwa munthu wina, ndipo mukhoza kufotokoza chifukwa chomwe munachipangira momwemo. Mayankho ambiri otsatirawa akuzungulira pamenepa.

Ndipange pulojekiti yotani? Ndili ndi to-do app, calculator ndi tsamba looneka ngati Netflix.

Zimenezo zinakuthandizani kuphunzira, ndipo palibe cholakwika. Kungoti wowerenga amadziwa kuti zinachokera pa vidiyo ya pa YouTube, chifukwa waona zofanana nazo kwa anthu ena khumi tsiku lomwelo. Pulojekiti yotsatira phunziro siionetsa kuti mungasankhe nokha chochita zinthu zikasokonekera, poti mphunzitsi anasankhiratu zonse.

Pezani vuto la munthu weniweni. Gulu la banki mkhonde lomwe mlembi wake amavutika kuwerengera chiwongoladzanja pogawana ndalama kumapeto kwa chaka. Sukulu yapulaiveti yomwe imalemba malipoti a ana pamanja. Mwini shopu ya hadiweya yemwe sadziwa kuti simenti yatsala matumba angati. Kwaya, kopaletive ya alimi, timu ya mpira. Pitani mukakhale nawo, muone momwe amachitira panopa, mupange kanthu kakang'ono, ndipo muwasiyire agwiritse ntchito. Pakangotha sabata adzakuimbirani kuti chinachake sichikuyenda, ndipo maphunziro enieni amayambira pomwepo.

Ubwino wa mavuto akwathu ndi woti amakukakamizani kuganiza zinthu zomwe mainjiniya odziwa ntchito amazilemekeza kulikonse padziko. Netiweki ikadukira pakati munthu akusunga zomwe walemba, pulogalamu yanu ichita chiyani? Ngati anthu awiri asintha chinthu chimodzi mafoni awo ali opanda intaneti, kenako onse n'kulumikizika, chisungidwe n'cha ndani? Ngati ogwiritsa ntchito ambiri ali ndi foni za mabatani, mupanga bwanji menyu ya USSD (ija yotsegula poimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #) yomwe uthenga wake sungapitirire zilembo 182, komanso yomwe imadzitsekera yokha munthu akachedwa kuyankha? Ndipo mukalumikiza pulogalamu ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, kaya mwachindunji kaya kudzera kwa ophatikiza malipiro monga PayChangu, mudzakumana ndi funso lomwe limasiyanitsa wophunzira ndi mmisiri: uthenga wotsimikiza kuti munthu walipira ukafika kawiri, mupewa bwanji kumulembera ndalamazo kawiri? Nanga ukapanda kufika konse koma ndalama zachoka mufoni mwake? Munthu amene analimbanapo ndi zimenezi, n'kupanga njira yofananitsira mabuku ake ndi a kampani ya foni tsiku lililonse, amakhala ndi nkhani yokamba pa intavyu kwa mphindi makumi awiri osabwereza mawu.

Imodzi yotere, yomalizidwa ndipo ili pa intaneti pomwe munthu angaitsegule, imaposa khumi zosiyidwa panjira. Kumaliza kumeneku ndikutanthauza zonse zotopetsa zija: kulowa ndi pasiwedi, kusunga makope a database (nkhokwe yomwe pulogalamu imasungiramo zinthu), mayeso otsimikiza kuti khodi ikugwira ntchito bwino, uthenga womveka munthu akalakwitsa. Ambiri amathera pomwe pulogalamu yayamba kuyenda pa laputopu yawo.

GitHub yanga amaiyang'anadi?

GitHub ndi tsamba la pa intaneti lomwe olemba mapulogalamu amasungapo khodi yawo. Ena amaiyang'ana, ena ayi. Akuofesi yolemba anthu ntchito nthawi zambiri satsegula, koma injiniya yemwe adzakufunseni mafunso amatsegula, ndipo amakhala ndi mphindi zochepa. Muthandizeni. Ikani pamwamba mapulojekiti awiri kapena atatu omwe mukuwanyadira. Iliyonse ikhale ndi fayilo yofotokozera, yotchedwa README, yonena vuto lomwe ikuthetsa, yemwe akuigwiritsa ntchito, momwe munthu angaiyendetsere pa kompyuta yake, ndi zithunzi zingapo. Onjezani ndime ya zomwe munasankha ndi zomwe munasiya: ndinagwiritsa ntchito database ya PostgreSQL osati ya MongoDB chifukwa chakuti-chakuti, ndipo chomwe ndikanasintha lero n'chakuti. Ndime imeneyo ndi yomwe ine ndimayamba kuwerenga.

Zinthu ziwiri zimagwetsa anthu pano. Choyamba ndi kusiya mapasiwedi ndi makiyi a API (zilembo zachinsinsi zomwe pulogalamu yanu imalumikizirana ndi ya kampani ina) m'khodi yomwe aliyense angaione. Kufufuta fayilo pambuyo pake sikuthandiza, chifukwa Git, chida chosungira zonse zomwe mwasintha m'khodi, imasunga mbiri yonse, choncho kiyiyo muisinthe. Chachiwiri ndi kuika poyera khodi ya kampani yomwe munagwirako, kapena database yokhala ndi mayina ndi manambala a anthu enieni. Kupatula kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, wolemba ntchito amangoganiza kuti zake nazo mudzazimwaza chimodzimodzi.

Timabokosi tobiriwira tosonyeza kuti mumalemba khodi tsiku lililonse musadandaule nato. Aliyense amadziwa kuti tikhoza kupekedwa.

Ntchito yanga yonse ndi ya kampani, sindingaionetse. Ndichite bwanji?

Ifotokozeni m'mawu popanda kuulula zinsinsi. Vuto linali lotani, munayesa chiyani, chinasintha n'chiyani. Tsamba limodzi lolembedwa bwino, lokhala ndi chojambula chosonyeza momwe zigawo za pulogalamu zimalankhulirana, limakwanira. Anthu omwe agwira ntchito zaka zingapo m'banki safunsidwa GitHub kawirikawiri, amafunsidwa nkhani.

CV ikhale yotani?

Yaifupi: tsamba limodzi ngati mukungoyamba, awiri ngati mwagwira ntchito zaka zingapo. Tinazolowera CV ya masamba asanu yoyamba ndi tsiku lobadwa, chipembedzo, boma lochokera, mfumu yaikulu, wokwatira kapena ayi, kenako magiredi a MSCE phunziro lililonse. Kumaofesi ena a boma zina mwa izi amazifunabe, ndipo ngati chilengezo chanena kuti muike makope a masatifiketi ndi mayina a anthu atatu okuchitirani umboni, chitani momwemo osachotsera. Koma ku kampani ya mapulogalamu, makamaka yakunja, zimenezo zimangodya malo. Ku Britain ndi ku America chithunzi ndi zaka zobadwa saika n'komwe.

Chofunika kwambiri ndi momwe mumalembera mizere ya pansi pa ntchito iliyonse. Ambiri amalemba udindo: ndinkayang'anira database, ndinkakonza mavuto a pulogalamu. Zimenezo ndi zomwe munauzidwa kuchita, osati zomwe munachita. Lembani chomwe chinasintha chifukwa munalipo. Mwachitsanzo: ndinalembanso khodi ya SQL yotolera mu database zinthu za lipoti la mwezi, lomwe linkatenga theka la ola, n'kuyamba kutuluka m'masekondi ochepa. Kapena: ndinapanga kuti pulogalamu ya alangizi a zaumoyo izigwira ntchito popanda netiweki, n'kumatumiza zonse ikalumikizika. Ikani manambala pomwe muli nawo enieni. Pomwe mulibe, musapeke, chifukwa funso loyamba pa intavyu lidzakhala lakuti munayeza bwanji.

Makampani akuluakulu amalandira ma CV kudzera m'mapulogalamu otchedwa ATS, omwe amatola mawu m'fayilo yanu kuti wolemba ntchito athe kufufuza. CV yokongoletsedwa ndi timabokosi, mizati iwiri ndi tinyenyezi tosonyeza kuti Java mumaidziwa nyenyezi zinayi mwa zisanu, kawirikawiri imawerengeka mosokonekera. Lembani mzati umodzi, zilembo wamba, musunge ngati PDF yochokera ku mawu olembedwa osati chithunzi cha sikana. Ngati chilengezo chikuti Spring Boot ndipo mumaidziwadi, mawu amenewo aoneke momwemo. Ndipo fayilo ikhale ndi dzina lanu, osati CV final final 2.

Chomaliza: musalembe chiyankhulo cholembera mapulogalamu chomwe munangochigwirako masana amodzi. Mndandanda wa ziyankhulo khumi ndi ziwiri kwa munthu wongomaliza sukulu umauza wowerenga kuti palibe chomwe mwazama nacho.

Kalata yofunsira ntchito ikadali yofunika?

Kuno kwathu inde, ndipo kunja imathandiza ku makampani ang'onoang'ono komwe mwini wake amawerenga yekha. Ndime zitatu zakwana. Onetsani kuti mwawerenga za iwo: mwatsitsa app yawo, mwaigwiritsa ntchito, mwaona china chake. Kenako lumikizani chosowa chawo ndi chinthu chimodzi chomwe munachita. Kalata yomwe mungatumize ku kampani ina iliyonse pongosintha dzina pamwamba ndi yosathandiza, ndipo tsiku lina mudzaiwala kusintha dzinalo.

Ndilibe digiri ya kompyuta. Ndili ndi mwayi?

Zimatengera khomo lomwe mukugogoda. M'boma, m'mabungwe a boma ndi m'mabanki ambiri, digiri kapena dipuloma ndi sefa yoyamba, ndipo popanda pepalalo kalata yanu siifika kwa munthu wodziwa khodi. Makampani ang'onoang'ono ndi akunja ambiri amayang'ana zomwe mungathe. Maphunziro aulere alipo abwino: CS50 ya yunivesite ya Harvard, freeCodeCamp, The Odin Project. Kungoti wodziphunzitsa yekha amayenera kubweretsa umboni wochuluka kuposa mnzake wa digiri, ndipo ayenera kudzikakamiza kuphunzira zomwe sizisangalatsa, monga momwe database imasungira zinthu, momwe netiweki imayendera, ndi chifukwa chomwe khodi ina imachedwa zinthu zikachuluka.

Masatifiketi a AWS, Azure kapena Cisco amathandiza pa ntchito za maseva ndi netiweki. Mayeso a AWS Solutions Architect Associate ndi madola 150, ndalama yosachepa kwa munthu wosagwira ntchito, ndiye yambani mwaona ngati ntchito zomwe mukuzifunazo zimaitchula. Masatifiketi ongosonyeza kuti munaonera mavidiyo mpaka kumapeto salemera kanthu.

Ndiphunzire chiyankhulo chiti kuti ndilembedwe msanga?

Tengani zilengezo za ntchito makumi awiri zomwe mungakonde, muwerenge chomwe chikubwerezedwa. Kuno mudzaona PHP ndi Laravel, Java, C#, JavaScript ndi React, Flutter pa mapulogalamu a pafoni. Sankhani njira imodzi muzame. SQL ndi Git musazisiye, chifukwa zimafunika konsekonse ndipo ambiri amazidziwa mwapamwamba chabe.

Akufuna munthu wa zaka ziwiri pantchito, ine ndilibe ngakhale mwezi. Zaka zimenezo ndizitenga kuti?

Choyamba, ganyu ndi ntchito. Ngati munapangira sukulu ina pulogalamu, anakulipirani kapena sanakulipireni, ndipo akuigwiritsa ntchito, ilembeni pa CV ndi miyezi yake. Nthawi ya atachimenti nayo iwerengeni, bola munene zomwe munachita osati kungoti ndinali ku dipatimenti ya ICT.

Chachiwiri, pali mapulogalamu omwe khodi yake ndi yotsegukira aliyense, ndipo ena mwa iwo akugwira ntchito m'dziko momwe muno. DHIS2, yomwe imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndi yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala. OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, inayamba mu 2004 ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Malawi ali ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi: makompyuta ongodina pagalasi omwe Baobab Health Trust inaika m'zipatala za ma ARV, pulogalamu yake yolembedwa mu Ruby on Rails, anaphunzitsa ntchito mainjiniya ambiri a m'dziko muno. Ndiye munthu yemwe anakonzako kanthu mu DHIS2 kapena OpenMRS, khodi yake n'kuunikidwa ndi kulandiridwa ndi anthu omwe sakumudziwa, amafika ku bungwe la zaumoyo ali ndi chinthu chomwe anzake alibe. Yambani ndi zazing'ono: konzani malangizo olakwika, lembani mayeso, tengani kavuto komwe alemba kuti n'koyenera oyamba kumene. Zomwe mukuphunzira pamenepo ndi kuwerenga khodi ya eni ake ndi kulandira chidzudzulo, zomwe ndi theka la ntchito yeniyeni.

Palinso madongosolo omwe amakulipirani pothandiza mapulogalamu otere. Google Summer of Code, yomwe inayamba mu 2005, kuyambira 2022 imalandiranso anthu omwe si ophunzira a payunivesite. Outreachy imapereka miyezi itatu yogwira ntchito muli kwanu ndi malipiro a madola 7,000, ndipo cholinga chake ndi anthu omwe amasalidwa kapena ndi ochepa m'ntchito za kompyuta. Achemwali, iyi muiyang'ane. Mpikisano ndi waukulu, ndipo omwe amasankhidwa kawirikawiri ndi aja anayamba kuthandiza pulojekitiyo nthawi yofunsira isanatsekedwe. Okonda za data ali ndi Zindi, komwe kunachitikapo ngakhale mpikisano wophunzitsa kompyuta kusanja nkhani za m'Chichewa.

Ndipo chilengezo chikati zaka ziwiri inu muli ndi chimodzi ndi pulojekiti yooneka, tumizani. Mndandanda wa zofunika uja nthawi zambiri ndi zokhumba za bwana, osati malire. Chomwe simungalumphe ndi chomwe chili pamtima pa ntchitoyo.

Si zoona kodi kuti ntchito zimapita kwa odziwana nawo?

Kukondera kulipo, ndipo sindingakuuzeni kuti kulibe. Pali malo omwe chilengezo chimatuluka munyuzi munthu atasankhidwa kale. Pamenepo palibe CV yomwe ingakuthandizeni.

Koma si kudziwana konse komwe kuli katangale. Injiniya akauza bwana wake kuti mnyamata uyu ndinagwira naye ntchito, amamaliza zomwe wayamba, akuchotsa mantha aja ndinanena poyamba, ndipo akuika dzina lake pachiswe. N'chifukwa chake ngakhale makampani akuluakulu akunja amapereka ndalama kwa wantchito yemwe wabweretsa munthu wabwino. Kudziwika kotere kumapangidwa. Pitani ku zochitika za malo olimbikitsa luso la zamakono monga mHub ku Lilongwe kapena Mzuzu E-Hub, misonkhano ya ICTAM (bungwe la anthu a ntchito za ICT m'Malawi), mipikisano yolemba mapulogalamu. M'magulu a WhatsApp a ma developer, khalani munthu woyankha mafunso a anzake, osati wongotulukira pakaikidwa chilengezo cha ntchito. Anzanu a m'kalasi omwe analembedwa kale ndiwo khomo lapafupi kwambiri, ndipo aphunzitsi anu amafunsidwa kawirikawiri kuti atchule ophunzira abwino.

Polembera munthu yemwe simukumudziwa pa LinkedIn, musangoti moni bwana n'kudikira, ndipo musayambe ndi kupempha ntchito. Nenani chomwe mwaona pa ntchito yake, funsani funso limodzi lomwe angayankhe mwachidule, ikani linki ya chomwe munapanga. Ndipo komwe mukuchoka, chokani bwino. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Anthu a ntchito imeneyi m'Malawi ndi ochepa moti yemwe munamusiyira pulojekiti pakati osatsanzika adzapezeka pa gulu lokufunsani mafunso kwina.

Mayeso a khodi pa intavyu ndimazizidwa nawo. Ndikonzekere bwanji?

Dziwani kaye mtundu wa mayeso, ndipo kufunsa n'kololedwa. Makampani akuluakulu akunja amakonda mafunso a ma algorithm (njira zothetsera vuto ndi khodi), a mtundu wa pa masamba oyesererapo khodi a LeetCode ndi HackerRank. Amenewa amafuna kuyeserera pang'onopang'ono kwa miyezi, osati usiku umodzi, ndipo phindu lili pozindikira mitundu ya mafunso yomwe imabwerezedwa, osati kuloweza mayankho. Makampani akuno ndi ang'onoang'ono amakonda kukupatsani ntchito yokachitira kunyumba, kapena kukufunsani SQL ndi za pulojekiti yanu.

Mukamalemba khodi wina akuonerera, lankhulani. Bwerezani funso m'mawu anu, funsani zomwe sizikumveka, nenani njira yosavuta yomwe yabwera poyamba ngakhale ili yochedwa, kenako muikonze. Wofunsa akufuna kumva momwe mumaganizira. Munthu wokhala chete mphindi khumi n'kutulutsa yankho lolondola amandisiya ndi chikaiko kuposa yemwe sanamalize koma ndamva njira yake yonse. Ife tinakula tikuphunzitsidwa kuti pamaso pa akuluakulu suyankhula kwambiri ndipo sudzitama, ndipo khalidwe limenelo, labwino kumudzi, limatipweteka m'chipinda cha intavyu. Kunena kuti gawo ili ndinapanga ndine si mwano. Mukamangoti tinapanga, tinakonza, wofunsa sadziwa ngati munali woyendetsa kapena wokwera chabe.

Chomwe simukudziwa nenani kuti simukudziwa, kenako muonjeze momwe mungachifufuzire. Kunamizira kumaonekera pa funso lachiwiri.

Pa ntchito yokachitira kunyumba, chitani zomwe apempha, osachulukitsa. Ikani mayeso, ikani README yonena zomwe munaganiza ndi zomwe mukanachita nthawi ikanalola. Koma ngati akupatsani ntchito ya sabata yathunthu yooneka ngati chinthu chomwe akufuna kugulitsa, muli ndi ufulu wofunsa ngati ili yolipidwa.

Ndigwiritse ntchito ChatGPT polemba CV ndi mayeso?

Pokonza Chingerezi ndi kuyeserera mafunso, inde. Polemba kalata yonse, ayi: chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, makalata osalala ofanana mawu achuluka moti kalata yolembedwa ndi munthu, yotchula zinthu zenizeni, ndi yomwe ikuoneka yachilendo tsopano. Pa mayeso, tsatirani zomwe anena. Ena amalola zida zimenezi chifukwa ndi zomwe mudzagwiritse ntchito mukalembedwa, ena amaletsa. Mulimonsemo, mzere uliwonse womwe mwapereka muyenera kutha kuufotokoza ndi kuusintha wina akuyang'ana. Ofunsa ambiri masiku ano amangoti tasinthani apa kuti izichita zakuti, ndipo pomwepo zimadziwika kuti khodiyo ndi ya ndani.

Ndikufuna ntchito yakunja koma ndili konkuno. Chimasiyana n'chiyani?

Kulemba. Gulu lomwe anthu ake ali m'maiko osiyanasiyana limayendera mauthenga olembedwa, ndiye imelo yanu yoyamba ndi mayeso kale. Munthu wotha kufotokoza vuto m'ndime imodzi yomveka, kunena msanga kuti wachedwa ndi chifukwa chake, amasungidwa kuposa katswiri yemwe amasowa masiku atatu.

Nthawi ili kumbali yathu ngati mukuyang'ana ku Ulaya. Wotchi ya Malawi ndi imodzi ndi ya Johannesburg, ndipo imafanana ndi ya Berlin kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Miyezi inayo timasiyana ola limodzi. London timasiyana nayo ola limodzi kapena awiri. New York ili m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7, ndiye ntchito ya kumeneko imatanthauza kugwira madzulo mpaka usiku. Lembani zimenezi m'kalata yanu, chifukwa ambiri okuwerenganiwo sadziwa kuti Malawi ali pati.

Za magetsi ndi intaneti adzakaikira ngakhale asafunse, ndiye yankhanitu: muli ndi sola kapena invetala, muli ndi njira ziwiri za intaneti. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo yathandiza ena, koma ngakhale ma SIM awiri a makampani osiyana ndi poyambira. Tsiku la intavyu tchajani zonse, yesani maikolofoni, ndipo mukhale ndi malo ena othawirako magetsi akazima.

Werengani bwino chilengezo. Ntchito zambiri zolembedwa kuti remote, kutanthauza zogwirira kunyumba, zimafuna munthu wokhala ku America kapena ku Ulaya chifukwa cha malamulo a misonkho, ndipo kutumizako n'kutaya bandulo. Yang'anani zomwe zanena kuti dziko lililonse, kapena zatchula Africa. Andela, yomwe inayambira ku Lagos mu 2014, ndi Toptal amalumikiza mainjiniya ndi makampani akunja, koma amafuna anthu odziwa kale ntchito ndipo ali ndi mayeso awo. Abale omwe ali ku South Africa ndi zikalata zogwirira ntchito akhoza kuyesa OfferZen, komwe makampani ndiwo amayamba kulembera injiniya. Ofuna kusamukira ku Britain ayambe aona ngati kampaniyo ili pa mndandanda womwe boma la kumeneko limasindikiza wa olemba ntchito ololedwa kuitanitsa anthu akunja.

Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama ya fomu, ya maphunziro kapena ya laputopu yomwe adzakutumizireni, ndi wakuba. Chimodzimodzi wokulembani ntchito pa Telegram popanda kuonana naye nkhope, kapena wopempha kuti agwiritse ntchito dzina lanu ndi akaunti yanu pofunsira ntchito kwina.

Akandifunsa malipiro omwe ndikufuna, ndinene chiyani?

Fufuzani musanalowe m'chipindamo. Anzanu omwe ali pa ntchito yofanana ndiwo angakuuzeni zoona. Ngati n'kotheka afunseni iwo ayambe kutchula zomwe anakonza. Mukakakamizika, tchulani kuyambira pakuti mpaka pakuti, ndipo nambala yapansiyo ikhale yomwe mungailandire osadandaula. Funsani ngati ndalamayo ndi ya msonkho usanachotsedwe, komanso za penshoni, chithandizo cha kuchipatala ndi intaneti. Pa ntchito yakunja funsani mtundu wa ndalama yomwe adzakulipireni, kaya madola kaya makwacha, ndi njira yomwe idzafikire kuno, musanasaine. Omwe anagwirizana malipiro a m'makwacha ndi makampani akunja anaona okha zomwe zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Pamapeto amati muli ndi funso? Ndifunse chiyani?

Musati ayi. Safunsa anadya phula. Funsani momwe khodi imayendera kuchoka pa laputopu ya injiniya kufika kwa ogwiritsa ntchito, yemwe amaunika khodi ya munthu watsopano, chomwe chinawonongeka posachedwapa ndi momwe anachikonzera, ndi chomwe akuyembekeza kuti mudzakhale mutachita pakatha miyezi itatu. Mayankho ake adzakuuzani ngati kumeneko mukaphunzirako kanthu, kapena mukakhala nokha wokonza pulinta, webusaiti ndi Wi-Fi ya bwana pa malipiro amodzi.

Andikana, kapena angokhala chete. Ndiwalembere?

Pakatha sabata kapena awiri kuchokera tsiku lomwe analonjeza, lembani uthenga umodzi waufupi wofunsa pomwe zafika. Akakukanani mutafika pa intavyu, thokozani ndipo funsani chinthu chimodzi chomwe mungakonze. Ambiri sayankha, koma woyankhayo amakupatsani zomwe simukanazipeza kwina. Sungani mndandanda wa komwe mwatumiza ndi pomwe mwathera. Ngati simukuitanidwa n'komwe, konzani CV ndi mtundu wa ntchito zomwe mukufunsira. Ngati mukuitanidwa koma mukugwa pa mayeso a khodi, yesererani ndi mnzanu akuonerera, mokweza mawu. Ngati mukufika kumapeto n'kumagwera pomwepo, yang'anani momwe mumafotokozera ntchito zanu zakale, ndipo mufunse anthu omwe munawalemba kuti akuchitireni umboni ngati anaimbiridwa foni komanso zomwe anafunsidwa.